Kusaka Malo a Sipokosi

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti tikakwera minibasi yochokera ku Limbe, kondakitala akangofunsa ngati alipo wotsika pa Sipokosi, ine ndimayamba kumwetulira ndekha ngati ndaona chibwenzi chakale. Malemu bambo anu ankadziwa chifukwa chake, ndipo ankanditsina kuti ndisayambitse nkhani ndi anthu osawadziwa. Inu sindinakufotokozereni bwinobwino. Tsopano poti ndapuma pantchito ndipo miyendo yayamba kukana maulendo, ndati ndilembe, makamaka chifukwa cha iwe Tadala, amene wayamba kulemba nkhani zako pafoni. Ija unanditumizira ndinaiwerenga. Ndi yokoma, koma mpaka kumapeto sindinadziwe ngati anthu akowo amaponda fumbi kapena matope.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, cha ku Magomero

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulangizi wa zachitukuko, ndipo ananditumiza kumidzi ya cha ku Magomero. Anandipatsa njinga yakuda yachimuna, chikwama cha nsalu ndi malangizo ambirimbiri. Nyumba anati ndikaipeza konko, ndipo ndinaipezadi: chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo, denga lake lodontha mbali imene ndinaika bedi, ndikasuntha bedi nalonso linkasuntha. Ndinali mtsikana wowonda wokonda kuyankha, koma anthu ankanditchula kuti alangizi, ngakhale amene anali ndi ana aakulu kuposa ine. Ntchito inali yosakaniza. Lero kuumbitsa njerwa za sukulu, mawa kuphunzitsa amayi kusoka ndi kuphika phala la ana, mkuja kuyanjanitsa komiti ya mjigo imene yakangana. Koma imene inandilowa mumtima inali ya sukulu za kwacha, kumene akuluakulu amene sanapite kusukulu ali ana ankaphunzira kulemba ndi kuwerenga masana akaweruka kumunda.

Kusowa kwa zipangizo kunali kwa tsiku ndi tsiku. Choko chikatha tinkalembera makaka, chinangwa chouma chija, ndipo mphunzitsi wina ankadandaula kuti ophunzira akumudyera choko. Bolodi likayera tinkalidetsa ndi zakuda za m'mabatire akale a wailesi. Zimenezo tinkangoseka. Vuto lenileni linali mabuku. Buku loyambira linalipo, lobwerekana, koma munthu akalimaliza panalibe china choti awerenge kupatula zolemba za pathumba la feteleza. Zilembo zili ngati nkhuku zogula kumene, ukapanda kuziwazira chakudya zimabwerera kumene zinachokera. Ndinkapeza mayi amene chaka chatha ankawerenga bwinobwino akulephera dzina lake lomwe, ndipo zinkandipweteka kwambiri.

Ndiye ndinayamba kulemba tinkhani ndekha. Ndinkalemba pamanja, kaboni pakati pa mapepala, kukanikiza cholembera mpaka chala kuuma. Nkhani zanga zonse zinkayamba mofanana, kuti m'mudzi wina munali munthu wina. Ndinkaganiza kuti ndikatero nkhaniyo ikhala ya aliyense. Zinali ndi phunziro labwino kumapeto, za ukhondo, za kusunga mbewu, za kutumiza ana kusukulu. Ophunzira ankaziwerenga mwaulemu ngati akumwa mankhwala a malungo, ndipo ena ankasinza pepala lili m'manja. Tsiku lina mayi wina wogulitsa kalongonda, wapakamwa ngati ine ndemwe, anaika pepala pansi n'kufunsa kuti mudzi winawo ndi uti. Ndinati uliwonse. Anafunsa ngati mayi wa m'nkhaniyo amatunga kumjigo kapena kumtsinje, nanga kuchigayo n'kutali bwanji. Ndinati zimenezo zilibe ntchito.

"Zili ndi ntchito, alangizi," anatero. "Mwalemba kuti anatopa. Ine ndidziwa bwanji kuti anatopadi, osadziwa kumene wachokera?"

Anzake anaseka, inenso ndinaseka, koma pobwerera ndinakankha njinga pachitunda ndikulingalira funso limenelo. Sindinachitepo kanthu msanga, chifukwa posakhalitsa ndinakwatiwa ndi bambo anu, kenako akuntchito anandisamutsa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, cha ku Mikolongwe

Bwana wanga watsopano, amene ankakhala ku ofesi ya ku Boma, anali a Kumwenda, munthu wakumpoto wamtali wosakonda kukalipa. Anali ndi njinga yamoto imene nthawi zambiri inkasowa mafuta, choncho ankatiyendera mwa apo ndi apo, ndipo akafika ankayamba ndi kupepesa. Chinyanja chawo chinali cha m'buku, ndipo ankati ife a kuno timayankhula ngati tikuthamangira basi. Anali bwana wabwino. Atamva kuti ndimalemba tinkhani sanandiletse, koma anayamba kundipatulira mapepala olembedwa mbali imodzi amene ankayenera kutayidwa. Choncho ophunzira anga ankawerenga nkhani kutsogolo, kumbuyo kuli ndondomeko ya msonkhano wa chaka chatha.

Kumeneko ndi kumene ndinayesa zimene mayi wa kalongonda uja anandisiyira. Kalasi imodzi inkakumana m'mudzi wosakanikirana, Asilamu kumtunda, Akhristu kumunsi, koma chigayo chimodzi, mjigo umodzi ndi miseche imodzi. Ndinalemba kandime kakafupi ka mayi wopita kuchigayo, ndipo ndinamuyendetsa m'njira yeniyeni ya m'mudzimo: kutsika pamabulugamu, kudutsa pamatope pamene ng'ombe zamkaka zimamwera, kuwoloka mlatho wamitengo umene thabwa lake lapakati limagwedera. Zimene zinachitika sindidzaiwala. Bambo wina amene ankawerenga chilembo chimodzichimodzi anafika pa mawu akuti mlatho, anaima, anandiyang'ana, kenako anathamanga mzere wonse wotsatira osapunthwa, chifukwa miyendo yake inkadziwa kale zimene zili kutsidya. Kalasi yonse inagalamuka. Anayamba kutsutsana za amene anayenera kukhoma thabwalo, mpaka ndinachita kuwaletsa. Ndinazindikira kuti munthu akaidziwa njira, zilembo siziopsa. Ndiponso sindinafunike kulemba kuti mayiyo anatopa, chifukwa aliyense ankachidziwa chitunda cha kuchigayo thumba lili pamutu.

Ndinalimba mtima n'kulemba nkhani yaitali. Munthu wake ndinamutcha Sipokosi, mkamwini wokoma pakamwa, wogula ndi kugulitsa mbewu panjinga. Sipokosi ankatapa nandolo wa mkazi wake pang'onopang'ono m'matumba n'kubisa m'nsungwi kuseri kwa nyumba. M'mawa wa chiperoni, anthu atadzitsekera chifukwa cha kuzizira ndi mvula yowaza ija, ankamangirira katunduyo panjinga, ulendo wa ku Limbe, ndipo ndi nandolo ameneyo ankamangira mkazi wina nyumba kwawo. Nkhani inkafuna nyumba, ndipo ine ndinatenga imene inali m'maso mwanga. Ukawoloka mlatho uja, kudzanja lamanja, panali nyumba ya khonde lalitali, mtengo wa mango a boloma kutsogolo, nsungwi kuseri. Chiperoni chikayamba kuyera unkaona phiri la Chiradzulu likutuluka pang'onopang'ono utakhala pakhondepo. Ndinkalikonda khonde limenelo. Ndinkapumirapo pafupifupi ulendo uliwonse, chifukwa mwini nyumba, Abiti Jafali, anali wophunzira wanga wakhama ndiponso katswiri wa thobwa, ndipo amuna awo, Che Bwanali, anali telala wofatsa amene ankasokera pomwepo. Ndinaganiza kuti poti ndasintha dzina ndi ntchito ya munthuyo, basi ndamaliza.

Nkhaniyo inawanda. Ophunzira anapempha kupita nayo kunyumba, mapepala anayenda khomo ndi khomo mpaka anafewa, ndipo amene sankadziwa kuwerenga ankawerengeredwa. Anthu atsopano anabwera kudzalembetsa kuti adziwerengere okha. A Kumwenda ataiwerenga anaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo anaitenga kupita nayo ku Boma. Ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, nditaiwala kuti walira mvula walira matope.

Patapita masabata angapo ndinaona kuti Abiti Jafali asiya kubwera kukalasi. Nditadutsa pakhomo pawo ndinapeza khonde lili pululu, makina osokera alowetsedwa m'nyumba. Mphunzitsi wa kalasiyo ndi amene anandiuza, akuyang'ana pansi. Chaka chimenecho nandolo wa Abiti Jafali anaoneka wochepa m'matumba. Che Bwanali ankapita ku Limbe m'mamawa kukagula ulusi ndi nsalu. Nsungwi zinalipo, mango analipo. Anthu anaphatikiza okha, ndipo anayamba kukatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Choopsa kwambiri chinali chakuti Che Amidu, mlongo wawo wamkulu wa Abiti Jafali, mwini mbumba, anali atanena kuti mlamu wawoyo amange makina ake abwerere kwawo ku Namitambo mwezi usanathe. Banja la ana atatu linali pafupi kutha chifukwa cha nkhani imene ndinaipeka nditakhala pampando wanga.

Ndinapita kwa Che Amidu tsiku lomwelo. Anali mmisiri womanga nyumba, munthu wolemekezeka wosakonda mawu ambiri, ndipo anandilandira bwino n'kundiyalira mkeka. Ndinafotokoza kuti Sipokosi kulibe, ndinangomupeka kuti anthu apeze chowerenga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa mofatsa ngati mlatho ulipo. Ndinati ulipo. Nanga thabwa logwedera? Lilipo. Mango a boloma, nsungwi, phiri looneka pakhonde? Zonse ndinavomera.

"Ndiye bodza lanulo likuyambira pati, alangizi?" anafunsa. "Zonsezi mwanena zoona. Mwafika pa munthu ndiye mukuti mwanama?"

Anawonjezera kuti akumvetsa, munthu wa boma sangatchule dzina poyera, ndipo anandithokoza chifukwa chowatsegula maso. Kuthokoza kumeneko kunandiwawa kuposa kutukwanidwa. Abiti Jafali ndinawapeza kuseri akupeta, maso ali ofiira. Anati iwo amuna awo sanawagwirepo ndi kanthu, ndipo mtima wawo ukukana, koma akatenga pepala lija amaona khonde lawo, ndipo akaona khonde amaona munthu amene amakhalapo. Ndinachita manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Mayi ameneyu anavutika kuti adziwe kuwerenga, ndipo chinthu choyamba chachitali chimene anawerenga chinali chimenechi.

Chaka chomwecho, ku Boma

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita ku Boma kuti ndikauze bwana. Ndinapeza a Kumwenda ali osangalala kuposa masiku onse. Anali atapeza mwayi wosindikiza kabuku ka nkhani zowerenga m'sukulu za kwacha za m'boma lonse, ndipo nkhani ya Sipokosi inali yoyambirira. Anandionetsa masitensulo, mapepala ofewa aja amene ankataipidwa kenako n'kuikidwa pamakina opukusa, ndipo pansi pa mutu wa nkhani panali dzina langa m'zilembo zikuluzikulu. Ana anga, musandione chonchi, ndinalifuna dzina limenelo. Ndinaganiza za agogo anu aamuna, amene ankati sukulu ya mwana wamkazi imathera kukhitchini, atagwira kabuku kameneko m'manja.

A Kumwenda ndinawafotokozera zonse za kumudzi kuja. Anapereka nzeru imene munthu aliyense woganiza bwino akanapereka. Anati tifufute mlatho, mango ndi phiri ndi mankhwala ofiira ofufutira aja, tilembe kuti m'mudzi wina. Ndinayesa kuiwerenga choncho mumtima ndipo ndinamva kuti yafa, yabwerera kukhala ngati zija za ku Magomero zogonetsa anthu tulo. Komanso sizikanawathandiza Che Bwanali. Kumudzi kuja nkhaniyo ankaidziwa kale pamtima, ndipo ikanabwera yotaipidwa, yachikuto, yochokera ku ofesi, aliyense akanati boma latsimikiza. Kuisiya ndi malo ake ndiye kunali kuonetsa khonde lija kwa Chiradzulu yense. Ndinapempha kuti aichotse yonse.

"Mayi, masitensulo ena kulibe, ndipo tikupukusa sabata ino," anatero a Kumwenda. "Kabuku kena sindikudziwa ngati kadzatuluke ine ndili pano. Mwaganiza bwino?"

Ndinati ndaganiza, ngakhale kuti ndinali ndisanamalize kuganiza. Anatenga masitensulo aja n'kundipatsa m'manja, anati ndi anga, ndichite nawo zimene ndikufuna. Kabuku kanatuluka ndi nkhani za anthu ena, ndipo kachiwiri sikanatulukedi. Ndinalira panjinga mpaka kupitirira msika, moti mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa kuti maliro ali kuti. Kunyumba bambo anu anayesa kunditonthoza mwa njira yawo. Anati dzina langa lili kale m'buku la kutchalitchi ndi pamakadi a sikelo a ana, ndikufunanso mabuku angati. Ndinawakwiyira, kenako ndinaseka, ndipo masitensulo aja tinakolezera mbaula.

Kuchotsa nkhani m'kabuku kunaletsa moto kufalikira, koma sikunauzimitse. Mwezi unali kutha. Ndinapita kukapepesa kwa Che Bwanali, ndipo ndinawapeza m'nyumba akuthira mafuta makina awo, katundu wina atamanga kale. Sanandikalipire. Anamvetsera, anapukuta manja pakansanza, n'kunena mawu ochepa.

"Munthu wanuyo munamulowetsa m'nyumba mwanga ndinu, osaodira n'komwe. Ine sindingamutulutse, poti sindikumuona. Mumupezere malo ena asamuke."

Loweruka la sabata lomwelo

Ndinalengeza kuti nkhani ya Sipokosi ili ndi gawo lachiwiri, koma silingalembedwe mpaka munthuyo atapatsidwa malo akeake, ndipo ine monga mlendo sindingagawe malo m'mudzi wa eni. Ndinapempha kalasi yonse ndi aliyense wofuna kuti tikumane pamlatho Loweruka masana. Che Amidu ndinawapempha mwapadera, ndinati tikufuna mmisiri wodziwa nthaka ndi malire. Anabwera, ndikuganiza kuti pofuna kuona kumene misala yanga ithere. Anthu anachuluka kuposa pamsonkhano uliwonse wachitukuko umene ndinaitanitsapo. Abiti Jafali anali pakati pa amayi anzawo, ndipo Che Bwanali ankayenda okha kumbuyo kwenikweni.

Tinayamba kuyenda, ine pepala ndi cholembera m'manja. Mukudziwa kuti kwathu kuno malo ndi ovuta, munda wa munthu umathera pakhomo pa mnzake. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti ku Chiradzulu malo amasowa ngakhale a munthu wongopeka. Ndikaloza apa, wina ankati amenewo ndi malire a dimba la mayi ake. Ndikaloza apo, ankati asungira mwana wawo wamkazi akadzakwatiwa. Pafupi ndi mzikiti Asilamu anati wakuba ayi, apite kumunsi. Kumunsi a mpingo anati iwo ali nawo kale okwanira. Bambo wina anakwiya zenizeni nditayang'ana kachigawo kake ka udzu wofolera, mpaka mkazi wake anamukumbutsa kuti munthuyo sabwera ndi chikwakwa. Pofika apo anthu anali akuseka mogwira nthiti, ndipo ndinaona mapewa a Che Amidu akugwedezeka ngakhale nkhope anaiumitsa.

Pamapeto tinafika pathanthwe lalikulu la m'mbali mwa msewu, pamene amayi amayanika makaka ndi mphale. Pamenepo palibe angalime kapena kukumba maziko. Amayi anadandaula kuti aziwabera makaka, koma anagwirizana zomupatsa ngodya ya kumunsi imene dzuwa limafika mochedwa. Ndinafunsa kuti khomo liyang'ane kuti. Wina anati kumsewu, ndipo apa Che Amidu analephera kupirira. Anati khomo loyang'ana kumene kumachokera chiperoni ndi la munthu wopanda nzeru, liyang'ane kuphiri. Ndinalemba. Ndinafunsa kuti nyumba yake ikhala yotani, anati ya njerwa zosaotcha, yopendekeka, chifukwa munthu wotere saitana mmisiri. Ndinalemba. Kenako nkhani inawakomera. Anawonjezera kuti njinga yake ilibe mabuleki, amaimitsa ndi chidendene potsetsereka kumlatho, n'chifukwa chake nsapato yake yakumanja inatha msanga, ndiponso dzino lakutsogolo analisiya pathabwa logwedera lija. Ena anaponyamo zawo, kuti pakhonde pake pamagona mbuzi za eni ndipo denga lake ndi la malata otola.

Titakhala pansi pathanthwepo ndinawerenga mokweza zimene tinalemba. Ndili mkati panafika mayi wina wa mudzi woyandikana nawo akuchokera kuchigayo, anatula thumba n'kumvetsera. Nditafika pa dzino ndi nsapato anawomba m'manja.

"Ameneyo ndiye ndikumudziwa," anatero. "Anandidutsa dzana pamlatho, pang'onong'ono andigwetse."

Anthu anafa nacho chiseko, koma Che Amidu sanaseke. Anayang'ana mayiyo, anayang'ana pepala langa, n'kunena chapansipansi kuti dzino limenelo alichotsa iwo pompano, koma mayiyu akuti munthuyo anakumana naye dzana. Anayamba kukanda thanthwe ndi kamwala. Kenako wina anakumbutsa kuti chaka chimenecho nandolo anavuta kwa aliyense, maluwa anayoyoka ndi mphepo, ndipo ena anavomera ngati akukumbukira kumene. Che Amidu anaimirira, anasasa fumbi, n'kuyang'ana kumbuyo kwa gulu.

"Alamu, malaya anga aja munamaliza? Ndikuwafuna Lachisanu."

"Atsala mabatani," anayankha Che Bwanali.

Kupepesa kwa anthu aakulu kumathera pamenepo, ndipo onse amene analipo anamva. Ine mtima unakhala pansi. Lolemba makina anatuluka pakhonde, nsalu zinayamba kubwerera imodziimodzi, eni ake akunamizira kuti anangozitenga kukaonetsa alendo. Abiti Jafali anabwerera kukalasi, ndipo gawo lachiwiri anawerenga ndi iwo, mokweza, ataimirira.

Zaka za ku Boma, mpaka lero

Kenako anandisamutsira ku Boma, kumene ndinagwira mpaka kupuma, ndikuyang'anira alangizi anzanga. A Kumwenda anabwerera kwawo atapuma, ndipo potsanzikana anandifunsa ngati ndinawakhululukira za kabuku, ngati kuti olakwa anali iwo. Mabwana ena anabwera n'kupita, ena abwino, ena okonda misonkhano kuposa midzi. Makina opukusa anatha, kunabwera a fotokope, amene nawonso ankasowa inki magetsi akakhalapo, magetsi n'kusowa inki ikapezeka. Ine ndinapitiriza kulemba tinkhani tanga. Lamulo langa linali limodzi. Njira, nyengo, mbewu ndi zitunda zikhale zenizeni kuti wowerenga aponde pansi, koma nyumba ya munthu woipa ikhale pamene aliyense akudziwa kuti palibe nyumba. Akuba, aulesi ndi zidakwa zonse za m'nkhani zanga ankakhala pathanthwe paja ngati achibale a Sipokosi, mpaka ophunzira ankadandaula kuti pathinana.

Dzina la Sipokosi linakakamira pathanthwe paja. Anayamba ndi amayi oyanika makaka, kenako anyamata a kabaza, kenako makondakitala. Chaka chatha m'minibasi bambo wina wovala jekete anandifotokozera mbiri yonse, kuti a Sipokosi anali munthu wolemera wa njinga zambiri, ndipo kuti iyeyo bambo ake ankamwa nawo tiyi. Ndinafunsa kuti nanga nyumba yawo inapita kuti. Anati inagwa ndi mvula. Sindinamutsutse. Dzina langa silinalowe m'buku lililonse, koma pali siteji imene ndinaibereka, ndipo ndikamva ikuitanidwa ndimasangalala.

Ndiye iwe Tadala, anthu akowo uwapatse pokhala. Sindikuti ulembe za kumudzi zokhazokha. Ngati ali ku Limbe, ndimve oitanira ndi fungo la chimanga chootcha, ndidziwe mbali ya msewu imene kumakhala mthunzi masana, ndione pamene madzi amadikha mvula ikagwa. Ukatero sudzafunika kundiuza kuti munthu wako watopa kapena wasowa mtendere. Koma uzikumbukira kuti malo aliwonse ali ndi eni ake, ndipo enawo amadziwa kuwerenga.

Mwezi wathawu ndinatsika pa Sipokosi kukaona Abiti Jafali, amene akuvutika miyendo ngati ine. Mlatho tsopano ndi wasimenti, koma mango a boloma alipo. Che Bwanali akadali pakhonde lomwelo, tsitsi lili mbuu, ulusi amalowetsa m'singano mongoyerekeza. Zidzukulu zinali yakaliyakali pabwalo. Tinamwa thobwa, chiperoni chinayera, phiri linatuluka monga kale. Nditawauza kuti ndikulemba mbiri ya ntchito yanga, Che Bwanali anaimitsa makina. Ndinafulumira kuwatsimikizira kuti khonde lawo sindiliikamo.

"Ayi, liikenimo," anatero. "Masiku ano anthu angotengeka ndi kaunjika, ntchito yachepa. Koma ulendo uno mulembe kuti pamakhala telala."

Abiti Jafali anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anati ndilembe zilembo zikuluzikulu kuti adzawerenge okha opanda magalasi.

Choncho ndikulemba. Mukatsika pa Sipokosi, tsetserekani kumlatho, muwoloke, muyang'ane kudzanja lamanja pamene pali mango a boloma. Pakhondepo pamakhala telala, dzina lawo Che Bwanali, amuna awo a Abiti Jafali. Sanabepo nandolo wa munthu, ndipo mabatani awo sathothoka.